Maliro a Mneneri Yowasi, Mwini Wake Ali Pomwepo

Mu Ufumu wa Tidamvakale munalibe munthu wolemekezeka kuposa mneneri, bola akhale womwalira. Mlendo akafika kulikulu la dzikolo, mzinda wa Patsinde, sankamuonetsa chipatala kapena sukulu, pakuti zimenezo zinalibe chooneka. Ankamukweza pachitunda cha thanthwe chakum'mawa kuti akaone Manda a Aneneri. Kumeneko kunali ziliza khumi ndi ziwiri za njerwa zootcha, zopakidwa laimu chaka ndi chaka, chilichonse chili ndi khonde lalikulu la malata loti anthu azibisalamo mvula powerenga mawu a malemuwo.

Aneneri onsewo anaphedwa ndi makolo a anthu omwewo. Ambiri anagendedwa ndi miyala, mmodzi anaponyedwa m'chitsime. Anthu a ku Tidamvakale sankabisa zimenezi. Ankafotokoza okha, misozi ili lengelenge, kuti akanakhalapo iwo masiku amenewo sakanachita nawo nkhanza zoterozo. Ndipo pofuna kuonetsa kuti chisoni chawo n'chenicheni, mfumu iliyonse ikalowa ufumu inkagumula zilizazo n'kumanga zina zazikulu kuposa za mfumu imene yapita.

Njerwa zimafuna nkhuni, ndipo nkhuni zinkachokera m'phiri la Silingagwe, limene linaima kumadzulo kwa mzinda, msika ndi nyumba za anthu wamba zili patsinde pake. Pofika nthawi ya Mfumu Zatheka Wachitatu, phirilo linali litametedwa mpala. Kunangotsala kankhalango kamodzi ka mibawa pamwamba penipeni pa msika.

Mumsikamo munali bambo wina wokhoma ndowa ndi zidebe, dzina lake Yowasi Kalilangwe. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa zala zakuda ndi utsi wa makala. Mawu a Chauta anamufikira Lachiwiri m'mawa akumata pansi pa ndowa. Yowasi sanawakonde mawuwo. Anayankha kuti iye ndi wa malata, bwanji osatuma abusa amene ali ndi jekete komanso belu. Koma mawuwo anakhala pachifuwa pake ngati khala la moto, moti pofika masana anatseka benchi yake n'kubwerera kunyumba.

Mkazi wake, Nagama, anamvetsera nkhani yonse akusenda chinangwa.

"Mwadya chiyani kumsikako, bambo a Rute?"

"Sindinadye kanthu."

"Ndiye vuto lake n'limenelo. Idyani kaye, mwina zichoka."

Anadya, koma sizinachoke. Nagama anapukuta mpeni pachitenje.

"Anthu a kuno mukuwadziwa," anatero. "Adzakukondani kwambiri. Koma mukudziwa kuti amayamba liti."

M'mawa mwake Yowasi anatembenuza ndowa pakati pa msika, nakwerapo.

"Atero Chauta: mwalimeta phiri langa kuti mukongoletse manda a anthu amene simunawamvere. Mvumbi ukadzagwa masiku awiri osakata, tsiku lachitatu phiri lidzatsika kulowa mumsika muno. Samukani patsinde pake."

Tisafulumire kunena kuti anthu sanamve. Anamva bwinobwino, ena mpaka anasiya kugula. Woyamba kuyankha anali Nachisale, mayi wogulitsa matimati.

"Iii, si a Yowasi awa? Mwana wa mayi uja ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa chigayo? Achimwene, tsikani pandowapo mungathyoke mwendo. Zimenezo tidamva kale."

A Bwanausi, ogulitsa nyama, anabwera akupukuta manja paepuloni.

"Ndowa imene munandikhomera mwezi watha ikudontha. Munthu wolephera kutseka madzi m'ndowa, lero wadziwa za madzi a m'phiri? Phiri limenelo agogo anga analipeza pomwepo, ndipo anamwalira likadali pomwepo."

"Agogo anu analipeza lili ndi mitengo," anatero Yowasi.

"Ndiye mlandu ndi wa agogo anga?"

Msika wonse unaseka, malonda n'kupitirira.

Yowasi sanaleke. Anakwera phiri napeza mng'alu wodutsa pansi pa kankhalango kaja, woti mwendo wa mbuzi ukhoza kulowamo. Patapita milungu iwiri munkatha kulowa mbuzi yonse. Anapempha anthu kuti akadzionere okha, ndipo ambiri anapitadi Lamulungu atatuluka m'tchalitchi. Anasuzumiramo, anaponyamo timiyala n'kumamvetsera, anagwirizana onse kuti mng'alu wotere sanauonepo chibadwire. Kenaka anatsika kukaphika m'nyumba zawo zomwe zija, patsinde pa phiri.

Nkhani itafika kunyumba yachifumu, Mfumu Zatheka inaitanitsa bwalo la nduna. Amene anaimirira kufotokoza anali a Mlongoti, Nduna Yoona za Aneneri Omwalira, munthu wa mawu ofewa amene anakalamba akudula maliboni pamanda.

"Mwini Dziko, kwatuluka mneneri."

"Zabwino zimenezo. Ali m'chiliza chachingati?"

"Ali moyo, Mwini Dziko."

Nduna zinaitanitsa alembi. Anafufuza m'mabuku onse a malamulo, koma sanapeze unduna, ofesi kapena komiti yoona za mneneri wamoyo. Lamulo la makolo linkangonena kuti mawu a mneneri amalandiridwa ndi boma iye akamwalira, amalembedwa pachiliza chake, ndipo amawerengedwa pagulu kamodzi pachaka. Za kuchita zimene mawuwo akunena, lamulo silinatchulepo.

Mkulu wa asilikali anatsokomola n'kukumbutsa bwalo kuti miyala ikadalipo yambiri m'dzikomo.

"Ayi!" Mfumu inamenya ndodo pansi. "Ife tinatukuka. Mayiko oyandikana nafe ali ndi makutu. Mu ulamuliro wanga palibe mneneri amene adzakhudzidwe ngakhale tsitsi."

"Nanga tisamutse msika?" inafunsa nduna ina yatsopano, imene inali isanazolowere. Anzake anaiyang'ana mwachifundo, ndipo funsolo silinalembedwe m'buku.

Anakambirana masiku atatu, akudya nkhuku. Tsiku lachitatu a Mlongoti anaimirira nkhope ikuwala.

"Mwini Dziko, ndaganiza mofatsa. Imfa ili ndi mbali ziwiri. Pali imfa ya thupi, imeneyo ndi ya Chauta, ife sitilowererapo. Ndiye pali imfa ya boma. Imeneyo imangofuna chikalata ndi chidindo."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Madzulo a tsiku lomwelo wailesi ya ufumu inayamba kuimba nyimbo zachisoni, ndipo wolengeza anawerenga ndi mawu onjenjemera kuti Mfumu Zatheka Wachitatu, ndi mtima wosweka, ikudziwitsa mtundu wonse za imfa ya Mneneri Yowasi Kalilangwe, mwana weniweni wa dziko lino. Padzakhala masiku asanu ndi awiri olira. Boma limanga chiliza chachikhumi ndi chitatu, chachikulu kuposa zonse. Aliyense wopezeka akuyankhana ndi malemu adzatengedwa ngati wonyoza maliro.

A Mlongoti anapita okha kukapepesa. Anapeza Nagama pakhonde, Yowasi atakhala pambali pake akudya chinangwa chophika.

"Pepani, mayi. Dziko lonse lataya."

"Ali apawa. Akudya."

"Tikumvetsa, mayi, tikumvetsa. Chisoni chimatero masiku oyamba."

"Bwana nduna," anatero Yowasi, "ine ndili moyo. Phiri lija likung'ambika."

A Mlongoti anavula chipewa, anayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu.

"Ngati ndikuwamva akulankhula," anatero. "Anali ndi mawu okoma."

Kuyambira tsiku limenelo Yowasi anakhala munthu wokondedwa kwambiri mu Patsinde. Akalowa mumsika anthu ankamupatukira mwaulemu, maso ali pansi. Akakwera pandowa yake n'kuyamba kufuula, amayi ankapukuta misozi. A Bwanausi ankauza aliyense wogula nyama kuti malemu anali bwenzi lawo la pamtima.

"Ndowa zawo sizinkadontha," ankatero. "Mmisiri ngati amene uja sadzapezekanso."

Boma linasindikiza chitenje chokhala ndi nkhope ya Yowasi, mawu akuti SAMUKANI PATSINDE PAKE atazungulira m'mphepete. Nachisale anagula ziwiri, chimodzi chovala, china choyala pabenchi ya matimati. Kwaya ya amayi inapeka nyimbo ya mawu omwewo, ndipo inkaphunzira masana aliwonse pansi pa phiri, chifukwa pamenepo mawu ankamveka bwino.

Chiliza chachikhumi ndi chitatu chinafuna mauvuni asanu ndi limodzi a njerwa. Anthu odula mitengo anakwera ndi nkhwangwa kupita kukankhalango ka mibawa kaja. Yowasi anathamanga kuwapitirira n'kukaima kutsogolo kwa mtengo woyamba, manja atatambasula. Amunawo anavula zipewa, anaima kachetechete mphindi imodzi polemekeza malemu, kenaka anamulambalala n'kuyambira mtengo wachiwiri. Pofika Loweruka panatsala mtengo umodzi wokha, umene iye anaukumbatira. Umenewo anaudula Lolemba iye atapita kukamwa madzi.

Yowasi anayenda m'maofesi onse kukadandaula kuti ali moyo. Kulikonse ankamulandira bwino, koma dandaulo lotere linkayenera kubwera ndi mwini wake, ndipo mwini wake, malinga ndi chikalata, anali atamwalira. Panali khomo limodzi lokha lotseguka. Imfa ya boma sinkatha kutsekedwa mpaka mkazi wamasiye atadinda chala pachikalata ndi kupereka mawu otsiriza a malemu. Nagama anakana kudinda miyezi iwiri yathunthu, ndipo malinga ngati chala chake chinali chisanagwe papepala, Yowasi anali ndi chiyembekezo choti tsiku lina dzina lake lidzabwerera m'buku la amoyo.

Apa m'pofunika kufotokoza khalidwe lina la anthu a ku Tidamvakale, kuti tiwachitire chilungamo. Munthu wamoyo ankatha kuwachonderera mpaka mawu kusasa, iwo osasuntha. Koma mawu otsiriza a womwalira sankawaphwanya. Malemu akanena kuti mudzandiike nditavala nsapato za kumanzere zokhazokha, mudzi wonse unkasakasaka nsapatozo. Sikuti ankakonda akufa kuposa amoyo. Kungoti wamoyo ukhoza kukangana naye, pamene wakufa amabwera kumaloto.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Mlongoti anafikanso ndi chikalata chawo ndi kabokosi ka inki. Nagama anawapatsa mpando, anawapempha kuti adikire, nakokera mwamuna wake kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Rute, wamoyo uja sanamumvere. Bwanji tiyese wakufa?"

Yowasi anamvetsa msanga, ndipo nkhope yake inagwa.

"Ukadinda chala pamenepo, ine kwanga kwatha. Benchi yanga apatsa wina. Dzina langa alichotsa kutchalitchi. Iwe uzidzavala zakuda ine ndili m'nyumba momwemo. Ndikadzadwala, chipatala sichidzalandira mtembo."

"Ndikudziwa."

"Chauta anandituma kuti ndilankhule, sanandiuze kuti ndife."

"Enawo khumi ndi awiri anawauza?" Nagama analoza kumunsi, kumene madenga a malata anapanikizana pansi pa phiri. "Rute ali uko ndi ana atatu. Ndamuchonderera, akuti mwamuna wake sangasiye nyumba chifukwa cha maloto a apongozi. Mwana wanu yemwe, bambo. Akakumana nanu panjira amagwada n'kumalira, poopa apolisi."

Yowasi anakhala pamtondo wogubuduza. Anayang'ana zala zake zakuda zija, a Mlongoti akutsokomola kukhonde. Kenaka anamuuza mkazi wake zoti akanene.

Nagama anabwerera, anakhala pamphasa, anaika nkhope ya mkazi wamasiye.

"Malemu anasiya mawu. Anati chiliza chawo chidzavundukulidwe nthawi ya mvumbi. Mvula ikagwa masiku awiri osakata, tsiku lachitatu m'mamawa mzinda wonse ukwere kumanda. Wonse, bwana. Makanda, nkhalamba, odwala pamachira, akaidi omwe. Asatsale munthu m'nyumba kapena mumsika, ndipo asatsike munthu dzuwa lisanapendeke. Wotsala, malemu adzamuyendera."

A Mlongoti analemba mofulumira, akugwedeza mutu.

"Mbuzinso zibwere," anawonjezera Nagama.

"Mbuzi, mayi?"

"Malemu ankakonda mbuzi."

Yowasi, amene moyo wake wonse ankathamangitsa mbuzi pabenchi yake, anatsegula pakamwa, kenaka anakumbukira kuti ndi womwalira. Nagama anaviika chala mu inki nadinda.

Mvumbi unafika pakati pa Januwale. Unagwa Lachitatu, unagwa Lachinayi, ndipo Lachisanu m'mawa wailesi inalengeza kuti mwambo ndi lero. Anthu anadandaula kwambiri. Nachisale anati malemu akanasankha tsiku la dzuwa ngati anthu ena onse. A Bwanausi anati Lachisanu ndi tsiku la malonda, ndipo munthu woganizira anzake safa motero. Koma palibe anatsala. Anakwera chitunda cha thanthwe m'matope, atavala zitenje za nkhope ya Yowasi, atabereka ana, atanyamula odwala, akukoka mbuzi zolira. Akaidi anabwera pamzere atamangidwa chingwe chimodzi. Rute anabwera ndi ana ake atatu, mwamuna wake ali patsogolo atanyamula nkhata ya maluwa.

Makonde a ziliza khumi ndi zitatu anakwana anthu onse. Yowasi yekha anaima pamvula kumbuyo kwa chiliza chake, chifukwa pamndandanda wa mipando panalibe malo a malemu.

Mfumu Zatheka inayamba kulankhula nthawi ya teni koloko. Inathokoza nduna iliyonse potchula dzina ndi mudzi wochokera. Inafotokoza mbiri ya njerwa mu ufumuwo. Inanena kuti inkamudziwa mneneriyo kuyambira ali mwana, ndipo kawirikawiri ankakhala pansi awiriwiri kukambirana za dziko. Olemba mbiri amavomereza kuti aka kanali koyamba kuti kutalika kwa zolankhula za mfumu kupulumutse anthu, pakuti ikanafupikitsa, ena akanazemba kukaona ngati madenga akudontha.

Cha m'ma thu koloko, mfumu ili pakati potchula mayina a amisiri opaka laimu, kunamveka mkokomo ngati magalimoto zana akutsitsa miyala nthawi imodzi. Anthu anatembenuka. Mbali yonse ya phiri la Silingagwe inasuntha, poyamba pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodzuka, kenaka inathamanga. Napolo anatsika ndi matope ofiira, zitsa za mibawa ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anadutsa mumsika, anadutsa pachigayo, anadutsa m'nyumba za patsinde, nakaima kumtsinje. Pamene panali madenga panatsala chigwa chosalala cha matope, mvula ikugwapo ngati palibe chachitika.

Kwa nthawi ndithu kunkangomveka mbuzi.

Woyamba kupeza mawu anali Mfumu. Inakonza chimkuzamawu, inayeretsa kukhosi, ndipo inapempha mtundu kuti uone nzeru za boma lake, limene linakonza mwambo umenewu pa tsiku loyenera, pamalo oyenera. Nduna zinaomba m'manja. Anthu ena anaombanso, popeza manja anali alibe china chogwira. A Mlongoti analemba pomwepo chikalata cha wailesi, chonena kuti pa ngoziyi sipanafe munthu ngakhale mmodzi, kupatulapo malemu amene boma linali litawakonzera kale.

Yowasi anazungulira chiliza chake, madzi akutsika m'ndevu, nakaima pamaso pa ndunayo.

"Bwana, anthu apulumuka. Tsopano ndibwezereni moyo wanga."

A Mlongoti anayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti aliyense maso ali kuphiri, kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana m'maso, nalankhula chapansipansi.

"A Kalilangwe, ndinu munthu wanzeru. Mawu anu akwaniritsidwa dziko lonse likuona. Mukakhala moyo lero, ndiye kuti munali moyo miyezi yonseyi. Ndiye kuti boma linamva munthu wamoyo akuchenjeza, osachitapo kanthu. Mukufuna anthu aziganiza zimenezo pa tsiku lachisoni ngati lino?" Anamusisita paphewa. "Chaka chamawa tikukulitsirani khonde."

Dzuwa litapendeka anthu anayamba kutsetsereka, ngakhale ambiri analibe kolowera. Nachisale anaima m'mphepete mwa thanthwe akuyang'ana pamene panali benchi yake ndi nyumba yake ya zipinda ziwiri. Analira mpaka chitenje cha nkhope ya mneneri chinanyowa kawiri. A Bwanausi anaima pambali pake, manja ali kumbuyo. Nagama anabwera atanyamula mdzukulu, Yowasi akumutsatira ndi mbuzi ya mwana wake pachingwe.

"Pepani, asisi," anatero Nagama. "Chachikulu muli moyo."

Nachisale anamina, anapukuta maso, nagwira dzanja la Nagama.

"Zoona, mayi, tithokoze Mfumu. Koma musandimve molakwa, ine sindinena zoipa za womwalira. Amuna anu analinso ndi kamtima kena kake."

"Kotani?"

"Zonsezi ankazidziwa. Tsiku lomwe ankalidziwa." Anayang'ana a Bwanausi, amene anagwedeza mutu movomereza. "Nanga bwanji osatiuza akadali moyo?"